Zigoli Zikasowa, Mlandu Ngwa Yani?

Inu aphunzitsi a masewero ndi anyamata a m'makoleji mumavutika ndi funso ili: kodi chimachitika n'chiyani kuti timu yodziwa mpira, yokhala ndi goloboyi wodalirika ndi otchinga kumbuyo olimba, izingotuluka m'bwalo sabata ndi sabata yosamwetsa chigoli? Madzulo ano ndiyesa kuyankha funso limeneli, koma mundilole ndiyambe ndi zimene zinatigwera ife eni ake ku Manjawira.

Inu amene mumayenda pamsewu wa M1 mukupadziwa pa Manjawira. Mukachoka pa boma la Ntcheu kulowera ku Blantyre, n'kupitirira pa Chingeni pamene msewu wa ku Balaka umapatukira, simuyenda nthawi yaitali musanafikepo. Kumeneko ndiko tinapita ndi timu ya koleji yathu ya aphunzitsi zaka zoposa 10 zapitazo, tsiku Loweruka m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Tinakasewera ndi anyamata a m'midzi yozungulira. Ife tinali ndi yunifolomu yochapa bwino ndi nsapato za mpira aliyense. Eni bwalo ena anali nazo nsapato, ena analowa opanda.

Mpira unali kumapazi athu pafupifupi nthawi yonse. Tinapatsirana, tinawadoda, mpaka ochemerera awo omwe anatiombera m'manja. Koma mphindi 90 zinatha golo lawo, la mitengo ya bulugamu lopanda ndi ukonde womwe, lisanalowe mpira. Iwo anafika kugolo kwathu katatu kokha, ndipo ulendo umodzi mwa atatuwo anamwetsa. Amenewo anali masewero achinayi otsatizana ife osagoletsa.

Pobwerera, m'lole munali zii ngati pamaliro. Titadutsa pa Chingeni mmodzi anayamba: "Iwe nambala 9, miyendo yakoyo yalowa chiyani?" Wina anati, "Musiyeni, golo lija analimanga. Simunamuone mkulu uja amazungulira kuseri kwa golo tisanayambe?" Sabata yotsatira mnzathuyo anamukhazika pansi n'kuika wina. Winayo anasewera katatu, osamwetsa ndi chimodzi chomwe. Ine ndinkavala nambala 7, kumbali ya kumanja, ndipo ndivomere pano kuti m'lole muja pakamwa panga ndipo panali pokuwa koposa. Panapita nthawi ndisanazindikire kuti gawo lalikulu la mlandu uja linali langa.

Kuti timvane bwino, tiyambe taona chimene timatcha mzere wakutsogolo. Kalelo matimu ambiri ankaika anthu asanu kutsogolo, atatu pakati, awiri kumbuyo. Manambala amene tinazolowera aja anachokera m'kaimidwe kameneka: 7 kumbali ya kumanja, 11 kumbali ya kumanzere, 9 pakati, ndipo 8 ndi 10 kumanja ndi kumanzere kwa 9. Mu 1925 lamulo la ofusayidi linasintha. Poyamba pankafunika adani atatu pakati pa wosewera ndi mzere wa golo kuti iye asagwidwe; kuyambira chaka chimenecho anafunika awiri okha. Zotsatira zake zinadabwitsa anthu. M'ligi yaikulu ya ku England munamwetsedwa zigoli 1,192 m'chaka cha masewero cha 1924 mpaka 1925, koma m'chaka chotsatira zinafika 1,703. Taganizani, omvera. Osewera anali omwewo, miyendo yawo yomweyo, golo lomwelo. Chimene chinasintha ndi malo amene akutsogolo anali nawo othamangamo. Pofuna kutseka malowo, Herbert Chapman wa timu ya Arsenal anabweza munthu mmodzi wapakati kuti akhale wotchinga wachitatu, ndipo 8 ndi 10 anatsikirako pang'ono. Brazil potenga chikho cha dziko lonse mu 1958 ku Sweden inali ndi anayi kutsogolo. Masiku ano matimu ambiri amaikako atatu, ena mmodzi yekha. Chiwerengero chasinthasintha, koma phunziro la 1925 silinasinthe: chigoli chimabadwa pamene munthu wapeza malo.

Akuluakulu a ku Ntcheu amene anaonako uzimba akhoza kutifotokozera bwino chinthu chimenechi. Pauzimba pamakhala okusa nyama ndi agalu ndi phokoso, pamakhala otseka m'mbali kuti nyama isapulumukire kutchire lina, ndiponso odikira kutsogolo ndi nthungo ndi zibonga. Wobaya ndiye amatchuka kumudzi. Koma okusa akagona, kapena a m'mbali akasiya malo awo n'kukaunjikana kwa wanthungo pofuna kuti nawonso abaye, nyama imadutsa pamene asiya paja, ndipo wanthungo amabwerera dzuwa litalowa nthungo yake ili youma. Kodi pamenepo tidzati nthungo ndiyo yabuntha? Nambala 9 ndiye wanthungo. Tisanamuimbe mlandu, tiyenera kuyamba tafunsa za okusa.

Tsono zimene zimalepheretsa mzere wakutsogolo zilipo zisanu, ndipo ndizitchula chimodzichimodzi.

Choyamba ndi kuunjikana pakati. Pamasewero a pakati pa maiko bwalo limatambalala mamita 64 mpaka 75, pamene golo ndi la mamita 7.32 okha. Otchinga kumbuyo amafuna kuti mpira useweredwe pamalo opanikizika, kutsogolo kwa golo, pamene iwo angaime mogundana mapewa. Ntchito ya akutsogolo ndi kuwakana zimenezo. Wosewera m'mbali, amene ambiri timamutcha wing'a, akaima pafupi ndi mzere wa kunja, wotchinga mmodzi amakakamizika kumutsata, ndipo pakati pa iye ndi mnzake pamatseguka mpata ngati mpanda wothothoka. Apa ndipo panali kulakwa kwanga. Ine ndinkaona kuti kumzere kulibe ulemu, kotero ndinkalowa pakati kufuna kumwetsa ndekha. Polowamo sindinkapita ndekha ayi; ndinkatenga wondilondera uja n'kukamutula pa nambala 9. Mnzathuyo, amene anayenera kulimbana ndi anthu awiri, ankapezeka atazingidwa ndi anayi, awiri mwa iwo obweretsedwa ndi anzake omwe.

Chachiwiri ndi kuima chilili podikira mpira. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Masewero ndi a mphindi 90, osewera alipo 22, mpira ndi umodzi. Ngakhale mpirawo ukanakhala wosatuluka kunja ndi kamodzi komwe, ndipo onse n'kugawana mofanana, aliyense akanaugwira mphindi 4 zokha. Mphindi zina zonsezo munthu amasewera wopanda mpira, ndipo m'menemo ndimo muli luso lenileni la wakutsogolo. Pa 25 Novembala 1953 timu ya Hungary inagonjetsa England ndi zigoli 6 kwa 3 pabwalo la Wembley ku London. Amene anavala nambala 9 tsiku limenelo, Nándor Hidegkuti, sanaime kutsogolo monga Angerezi ankayembekezera. Ankabwerera pakati, ndipo womulondera anasowa chochita: akamutsata, kumbuyo kwake kunkatsala khomo lotsegula la Ferenc Puskás ndi anzake; akamusiya, Hidegkuti ankalandira mpira ali yekha. Iye anamwetsa zitatu, Puskás ziwiri. Kuthamanga kumene kwachotsa wotchinga pamalo pake ndi ntchito yathunthu, ngakhale wothamangayo asaukhudze mpira. Tsoka lake n'lakuti ntchito yotere ochemerera saiona, n'chifukwa chake anyamata ambiri amaikana.

Chachitatu ndi kusamvana pa nthawi. Lamulo la ofusayidi limayang'ana pamene wosewera waima panthawi imene mnzake akumenya mpira, osati panthawi imene iye akuulandira. Kuyambira mu 1990, amene waima mofanana ndi mdani wachiwiri kuchokera kumzere wa golo sali pa ofusayidi. Ndiye kuti wothamanga ndi wopatsira ayenera kukhala ngati woimba ng'oma ndi wovina: phazi likamanyamuka, mpira uzinyamukanso. Wopatsira akachedwa ndi kukhudza kumodzi kokha, mnzake uja wadutsa kale mzere, wezulo walira. Anthu amatukwana wogwidwayo kuti ndi wadyera, chonsecho wolakwa ndi amene anachedwetsa mpira. Ku Manjawira kuja woimbira anamuimitsa nambala 9 wathu kambirimbiri, ndipo pafupifupi ulendo uliwonse chinali chifukwa chakuti nambala 10 wathu, katswiri wododa, ankafuna ayambe wadodanso munthu mmodzi. Mnyamata akagwidwa kasanu amaleka kuthamanga, ndipo akaleka timati ndi waulesi.

Chachinayi ndi phompho limene limakhala pakati pa osewera pakati ndi akutsogolo. Timu ikagonja kawiri kapena katatu, mantha amalowa. Apakati amatsikira kumbuyo kukathandiza otchinga, ndipo mpira ukapezeka amangoumenya m'mwamba kuti upite kutali ndi golo lawo. Mpira wa m'mwamba ulibe mwini. Umamufikira nambala 9 atafulatira golo, kumbuyo kwake kuli anthu awiri ataliatali amene akuuona bwino ukubwera. Ngakhale atauwina ndi mutu, augwetsera yani, poti mnzake wapafupi ali kutsidya la mzere wapakati? Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Wakutsogolo amafuna mnzake pafupi, woti angamubwezere mpira iye n'kutembenuka.

Chachisanu ndicho chokhacho chimene tinganene kuti n'chake cha womwetsa, ndicho kumalizitsa. Alipo ndithu anyamata amene akaona golo amatseka maso n'kumenya ndi mphamvu zonse, mpira n'kukagwera m'munda mwa eni ake, pamene kukankhira pambali pa goloboyi ndi m'kati mwa phazi kukanakwanira. Koma ngakhale vuto limeneli kawirikawiri limamera pa anayi oyamba aja. Munthu amene amapeza mipata isanu pamasewero amodzi amamenya mtima uli m'malo, podziwa kuti akaphonya wina ubwera. Amene amapeza mpata umodzi, atatopa kale ndi kulimbana yekha, m'makutu mwake muli mau a m'lole aja, amamenya miyendo ikunjenjemera.

Nkhani yoimba mlandu munthu wooneka n'kuiwala omugwirira ntchito si ya kwathu kuno kokha. Ku America ali ndi mpira wawo wina, wooneka ngati dzira, umene amaunyamula ndi kuuponya ndi manja, ndipo kumeneko matimu a makoleji ndi otchuka kwambiri. Masewero oyamba a pakati pa makoleji amawerengedwa kuti ndi a mu 1869, pakati pa Rutgers ndi Princeton, ndipo bwalo la University of Michigan limalowa anthu oposa 100,000. Pampira umenewu timu imapatsidwa maulendo anayi kuti ipite patsogolo mayadi 10. Wotchuka ndi woponya mpira, amene amamutcha quarterback. Koma kutsogolo kwake kumaima anthu asanu amatupi akuluakulu, amene pamodzi amatchedwa offensive line. Wapakati mwa iwo ndiye amayambitsa masewero popereka mpira kudzera pakati pa miyendo yake. Anayi enawo akhoza kutha chaka chonse osaugwira. Ntchito yawo ndi kutchinjiriza woponyayo kuti apeze kamphindi koonera mnzake, ndi kukankha adani kuti wothamanga ndi mpira apeze podutsa. Asanuwo akafooka, kapena mmodzi yekha akasemphana ndi anzake, woponya amagwetsedwa mpira uli m'manja, ngakhale akhale katswiri wotani. Anzathuwo anachita bwino kuwapatsa anthu amenewa dzina ndi mzere wawowawo, chifukwa timu ikamalephera aphunzitsi amadziwa poyambira kufufuza. Pampira wathu wamiyendo ntchito yomweyo ilipo, koma inamwazikana mwa a m'mbali ndi apakati, choncho sitiiona.

Tibwerere kwathu. Timu ya dziko lino inatenga chikho cha maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978 pogonjetsa Zambia 3 kwa 2 kuno kumudzi, ndipo mu 1979 inachitetezanso pogonjetsa Kenya 3 kwa 2 kwawo komwe. Dzina limene aliyense amakumbukira pa zaka zimenezo ndi la Kinnah Phiri, amene anamwetsera dziko lino zigoli 71, ndipo ulemu umenewo ngomuyenera. Koma m'bwalo sanali yekha. Timu yomweyo inali ndi anthu onga Jack Chamangwana kumbuyo, kumene mpira umayambira ulendo wake. Kinnah yemweyo ali mphunzitsi anapita ndi Flames ku Angola mu 2010, ndipo pa 11 Januwale, mumzinda wa Luanda, tinagonjetsa Algeria 3 kwa 0. Taonani amene anamwetsa: Russell Mwafulirwa wakutsogolo, Elvis Kafoteka wotchinga kumbuyo, ndi Davi Banda wapakati. Zigoli zitatu, anthu atatu, mizere itatu. Mdani wotere sudziwa kuti ulondere yani.

Mu Januwale 2022 ku Cameroon, Flames inapitirira gawo la m'magulu kwa nthawi yoyamba pampikisano wa maiko a mu Africa. M'masewero anayi tinamwetsa zigoli zitatu, ndipo zonse zinali za Gabadinho Mhango: ziwiri pogonjetsa Zimbabwe 2 kwa 1, ndi chija cha patali chimene anamwetsa Morocco, chimene mpaka lero anthu amachikamba. Koma ndi Guinea ndiponso ndi Senegal sitinagoletse, ndipo Morocco inabweza ziwiri n'kutitulutsa. Chigoli chonga chija n'chosiririka, koma mphunzitsi sangauze anyamata ake kuti Loweruka likudzali tikadalire chotero. Chimene angakonzekere ndi chimene anthu anayi kapena asanu amapangira pamodzi.

Nanga bwanji vutoli limakonda matimu a makoleji? Zifukwa zake n'zodziwika kwa aliyense amene anadutsako. Timu ya koleji siikalamba. Maphunziro a uphunzitsi wa kupulayimale ndi a zaka ziwiri, ndipo gawo lina la nthawiyo ophunzira amabalalika kukayeserera kuphunzitsa m'sukulu zosiyanasiyana. Anthu akangoyamba kudziwana kathamangidwe, ena atsiriza, ena achoka, kwabwera atsopano. Otchinga kumbuyo amamvana msanga, chifukwa kugwetsa nyumba n'kosavuta kusiyana ndi kuimanga. Akutsogolo amafuna nthawi. Chinanso, pafupifupi aliyense wobwera kukoleji anali katswiri kusekondale kwawo, ndipo akatswiri onse amafuna 9 kapena 10. Wofuna kukusa nyama palibe. Nthawi yokonzekera nayo ndi yochepa, ola limodzi kapena awiri maphunziro akatha, ndipo nthawi yochepayo timaithera pothamanga mozungulira bwalo, kenaka n'kugawana pawiri kusewera chisawawa mpaka mdima.

Mankhwala ake safuna ndalama. Inu aphunzitsi, tengani phulusa mulembe mizere iwiri m'litali mwa bwalo, umodzi mbali ino wina mbali inayo, ndipo mulamule kuti 7 ndi 11 asatuluke m'tinjira timeneto kufikira mpira utayandikira bokosi. Tsiku lina lamulani kuti munthu asakhudze mpira koposa kawiri, kuti wokonda kudoda aphunzire kuyang'ana mnzake mpira usanamufike. Tsiku lina ikani akutsogolo anayi alimbane ndi otchinga atatu ndi goloboyi, mobwerezabwereza, anthu ake omwewo, kufikira wopatsira atadziwa kuti mnzake akagwetsa phewa chakuti ndiye kuti athamangira chauko. Ndipo powayamikira, musatchule womwetsa yekha. Tchulani amene anathamanga n'kuchotsa wotchinga, anzake onse akumva. Mnyamata amachita chimene amayamikiridwa nacho.

Tsiku la masewero, khazikani wophunzira mmodzi pambali ndi kope ndi pensulo. Awerenge zinthu zitatu zokha: mpira walowa kangati m'bokosi la adani, lija la mamita 16.5 kuchokera pamzere wa golo. Polowapo munali anthu athu angati. Ndipo tamenya kangati molunjika pagolo. Mpira ukalowa kawiri kokha masewero onse, vuto lili kumbuyo, kwa opatsira. Ukalowa kambiri koma n'kumapeza munthu mmodzi, vuto lili pa kuthamanga. Ukalowa kambiri, anthu alimo, koma mipira n'kumapita m'mwamba, pamenepo ndiye muitaneni nambala 9 mukambe naye, ndipo mukambe naye pambali. Tikanakhala ndi kope lotere ku Manjawira, tikanaona kuti mkulu wozungulira kuseri kwa golo uja analibe mlandu. Golo lija tinalimanga ndife tomwe.

Wina anganene kuti imeneyi ndi nkhani ya masewero chabe. Koma kumbukirani kuti anyamata ndi atsikana a m'makoleji a aphunzitsi ndiwo mawa adzaima ndi wezulo pamabwalo a sukulu za ku Manjawira, ku Senzani, ku Ntcheu konse ndi dziko lonse. Akatuluka kukoleji ataphunzira kuti timu ikagonja timafuna munthu mmodzi womusenzetsa mlandu, kapena sing'anga womasula golo, adzaphunzitsa ana zomwezo. Ndipo mwana wa sitandade 6 amene watukwanidwa pamaso pa sukulu yonse chifukwa cha kulakwa kwa anzake kawirikawiri sabwereranso pabwalo.

Nambala 9 wathu uja anabwerera, ngakhale sikunali kukoleji. Ndinakumana naye patapita zaka, akuphunzitsa pasukulu ina ya kumudzi, ndipo masana ake ndinamupeza pabwalo ndi ana, chitini cha phulusa chili m'manja. Ndinamupepesa za m'lole zija. Iye anaseka n'kunena kuti, "Achimwene, inu mukanangokhala kumzere kwanu kuja, bwenzi nkhani yake ili ina." Kenaka anatembenuka kukakalipira kamnyamata kovala 7 kamene kanali katayamba kale kulowerera pakati.

Choncho omvera, Loweruka likudzali mukapita kukaonera mpira, yesani kwa mphindi 10 zokha kuchotsa maso pampira. Yang'anani amene alibe mpirawo: ndani waima, ndani akuthamanga, ndani watsegulira mnzake njira. Mukatero mudzadziwa chifukwa chimene timu yanu ikugoletsera kapena kulepherera, ndipo pobwerera kunyumba mudzayankhula mwachilungamo.